Prado kapena Pajero: momwe mungasankhire galimoto yoyenera misewu ya kumpoto

Munthu wa ku Mzuzu amene akufuna galimoto yaikulu yokoka ndi matayala onse anayi, koma ndalama zake sizikufika pa Land Cruiser V8, kawirikawiri amathera pa mayina awiri: Toyota Land Cruiser Prado ndi Mitsubishi Pajero. Akafunsa anzake amauzidwa kuti agule Toyota basi, ndipo nkhani imathera pomwepo. Langizo limeneli lili ndi maziko ake, koma lapweteketsa anthu ambiri, chifukwa dzina lakuti Prado limanyamula injini zosiyanasiyana, zina zamphamvu, zina zofooka kwambiri poyerekeza ndi kulemera kwa galimotoyo, ndipo wogula amene wangotsatira dzina amazindikira zimene wagula tsiku loyamba kukwera Chiweta atadzaza anthu ndi katundu. Chimene muyenera kuyerekeza ndi injini inayake ya Prado ndi injini inayake ya Pajero, pa ndalama zimene muli nazo komanso pa misewu imene mudzayendamo.

Yambani ndi misewu yanu

Musanatsegule tsamba lililonse la ogulitsa galimoto, lembani maulendo amene mumayenda pa chaka ndipo muwagawe pawiri. Gawo loyamba ndi la phula: Mzuzu kupita ku Lilongwe kudzera ku Chikangawa, kutsetsereka kupita ku Nkhata Bay, kapena kupita ku Karonga ndi ku Songwe. Gawo lachiwiri ndi la misewu yafumbi imene imasanduka matope m'dzinja, monga wopita ku Usisya, wochoka ku Rumphi kudzera ku Bolero ndi Thazima mpaka ku Chelinda pa Nyika, wa Gorodi wokwera ku Livingstonia kuchokera ku Chitimba, kapena ya kumapiri a Misuku. Anthu ambiri akachita zimenezi moona mtima amapeza kuti maulendo awo ochuluka ndi a pa phula, ndipo kumudzi amapitako pa maliro, pa ukwati ndi pa nthawi yokolola. Ena, monga a zomangamanga, ogula mbewu ndi ogwira ntchito m'mipingo ndi m'mabungwe, amakhala kufumbi sabata iliyonse. Magulu awiriwa sayenera kugula galimoto imodzimodzi.

Kusiyana kwake kuli m'kapangidwe. Prado ili ndi chesisi yachitsulo yooneka ngati makwerero, bodi imamangidwa pamwamba pake, ndipo matayala akumbuyo ali pa ekiselo imodzi yolimba. Kapangidwe kameneka kamapirira katundu wolemera ndi misewu yokumbika, ndipo tayala limodzi likalowa m'chigwembe linzake limakankhidwira pansi, motero galimoto imapitiriza kugwira nthaka. Pajero, kuyambira ya mu 1999, inasiya njira imeneyo: chesisi ndi bodi ndi chinthu chimodzi, ndipo tayala lililonse limasewera palokha, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Pa makhota a m'nkhalango ya Viphya ubwino wake umamveka msanga, chifukwa Pajero sipendama kwambiri ndipo imamvera chiwongolero mwachangu. Ikadzazidwa matumba a chimanga kumbuyo imatsika, matayala akumbuyo amayamba kudyeka mkati, ndipo pansi pake pamayandikira miyala. Ilinso ndi malabala ndi zolumikizira zambiri kumbuyo kuposa Prado, zomwe zimafuna kusinthidwa galimotoyo ikamakhala kufumbi nthawi zonse.

Pa kakokedwe, Prado ya m'badwo wa 120 ndi wa 150 imakoka ndi matayala onse anayi nthawi zonse, ndipo woyendetsa amangokhoma diff yapakati, yomwe imagawa mphamvu pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo, kapena kulowetsa giya ya mphamvu pakafunika. Pajero ili ndi dongosolo lotchedwa Super Select, limene limakupatsani 2H, 4H, 4HLc ndi 4LLc; ziwiri zomalizazi zimakhoma diff yapakati, ndipo 4LLc ndiyo giya ya mphamvu. Pa 2H imakoka ndi akumbuyo okha, pa 4H imakoka ndi onse ndipo mukhoza kuyenda nayo choncho pa phula popanda vuto, zomwe zimathandiza kwambiri mvula ya ku Mzuzu ikayamba msewu n'kuterera. Ma Pajero ambiri alinso ndi batani lokhomera diff yakumbuyo, chinthu chimene Prado TX wamba yochokera ku Japan nthawi zambiri ilibe, ndipo m'matope a katondo batani limeneli ndi limene limasiyanitsa kutuluka ndi kugona panjira.

Werengani nambala ya chesisi musanaone chithunzi

Apa ndi pamene ogula ambiri amataya ndalama, choncho ndikhalitsapo. Zilembo zoyambirira za nambala ya mtundu wa galimoto zimakuuzani injini imene ili mkati. Pa Prado, TRJ ndi petulo ya malita 2.7 yotchedwa 2TR-FE, GRJ ndi petulo ya V6 ya malita 4.0, KDJ ndi dizilo ya malita 3.0 yotchedwa 1KD-FTV imene ambiri amaidziwa kuti D-4D, GDJ ndi dizilo ya malita 2.8 yotchedwa 1GD-FTV, ndipo LJ ndi dizilo yakale ya 5L yopanda turbo. Nambala yotsatira, 120 kapena 150, ikusonyeza m'badwo: 120 inapangidwa kuyambira 2002 mpaka 2009, ndipo 150 inatenga malo ake mu 2009. Pa Pajero ya m'badwo wachinayi, umene unayamba mu 2006, V98W ndi dizilo ya malita 3.2 yotchedwa 4M41, V93W ndi petulo ya malita 3.0, ndipo V97W ndi petulo ya malita 3.8. Zimene nambala yake imayamba ndi V8, monga V88W, ndi zazifupi za zitseko zitatu, zomwe sizikwanira banja.

Chifukwa chimene ma Prado ambiri otsika mtengo pa intaneti ali a TRJ n'chakuti ku Japan dizilo inachotsedwa pa Prado mu 2007 ndipo inabwereranso mu 2015. Prado 150 ya pakati pa 2009 ndi 2014 yochokera ku Japan ndi ya petulo ndithu, kaya wogulitsa anene zotani. Injini ya 2.7 ndi yolimba, imagwiritsa ntchito tcheni m'malo mwa lamba, ndipo ndi yomweyo imene ili m'ma Hilux ndi m'minibasi za HiAce za petulo, motero makaniko aliyense amaidziwa. Vuto lake ndi lakuti ikukoka galimoto yolemera kuposa matani awiri ilibe turbo, pamene Mzuzu ali pamtunda wopitirira mamita 1,200 ndipo Nyika ipitirira 2,000, kumene mpweya ndi wopepuka ndipo injini yopanda turbo imataya mphamvu. Pa chitunda mumaiponda mpaka pansi, giyabokosi imangosinthasintha, ndipo mafuta amene munkaganiza kuti mupulumutsa pogula injini yaing'ono amathera pomwepo. Kwa munthu woyenda m'tauni ndi ulendo wa ku Lilongwe wa apo ndi apo ndi yokwanira. Kwa wonyamula katundu kumapiri, sindingailimbikitse.

Dizilo ya 1KD ndiyo imene inapatsa Prado mbiri yake kuno, ndipo ubwino wake waukulu ndi wakuti ili m'ma Hilux ndi ma Fortuner ambirimbiri. Prado 150 ya injini imeneyi imachokera ku South Africa, ku Britain, ku Australia kapena inagulidwa yatsopano m'dziko muno. Ili ndi zinthu ziwiri zofunika kufunsa. Choyamba ndi lamba wa timing, amene amasinthidwa pa makilomita 150,000. Chachiwiri ndi mawashala a pansi pa ma injector: akayamba kutaya, mwaye umalowa mu oyilo, umatseka sefa yoyamwira oyilo pansi pa injini, ndipo injini imafa chifukwa chosowa oyilo ngakhale kuti sampu, mosungira oyiloyo, ndi yodzaza. Mwini galimoto amene angakuonetseni malisiti osonyeza kuti mawashala anasinthidwa ndipo ma injector anayezedwa ndi woyenera kumulipira mtengo wokwererapo.

Dizilo ya 1GD ndi yabata, yamphamvu ndiponso yosamwa kwambiri, koma yochokera ku Japan imabwera ndi sefa ya mwaye ya DPF komanso thanki ya AdBlue, madzi apadera oyeretsera utsi amene muyenera kuwathira akatsika. Musanaigule, dziwani kumene mudzawapeze madziwo, ndipo dziwaninso kuti DPF imadziyeretsa yokha galimoto ikathamanga mtunda wautali injini itatentha bwino. Ngati ulendo wanu wa tsiku ndi tsiku ndi wochoka ku Katoto kapena ku Chibanja kupita ku ofesi m'tauni, sefayo idzatsekeka, nyali idzayaka ndipo galimoto idzachepetsa mphamvu yokha. Vuto lomweli la DPF limachitikanso ndi Pajero ya dizilo yochokera ku Japan kuyambira 2008. Injini zoterezi zimafuna oyilo wake weniweni wopanda phulusa lambiri, ndipo sizikhululuka dizilo wa m'zigubu wogulidwa m'mbali mwa msewu pa nthawi imene mafuta asowa, chifukwa madzi pang'ono kapena fumbi zimawononga pampu ndi ma injector.

Ya 5L ndi imene mabungwe ambiri ankagula yatsopano, ndipo imapezeka akamagulitsa galimoto zawo zakale. Ndi yochedwa kwambiri, koma ndi yosavuta kukonza kuposa zonse, ndipo munthu amene ntchito yake ili ku Euthini, ku Mpherembe kapena ku Nthalire asaidelere.

Kumbali ya Pajero nkhani ndi yaifupi, chifukwa injini yoyenera kuifuna ndi imodzi, 4M41. Ndi yaphokoso ikangolizidwa m'mawa, koma imakoka bwino kwambiri pa zitunda, imagwiritsa ntchito tcheni, ndipo ikasamalidwa imatha makilomita ochuluka zedi. Funsani ngati kapulasitiki kotsogolera tcheni kamene kali pamwamba kanasinthidwapo, chifukwa kakatha n'kuthyoka kamawononga zambiri pamene kusintha kwake si kodula, ndipo funsaninso ngati mavalavu amachunidwa pa nthawi yake. Za petulo za V6 zimagulitsidwa motchipa chifukwa zimamwa kwambiri, ndipo pa mizere ya mafuta imene tinaizolowera, galimoto yomwa chonchi imakhala nthawi yaitali pa filling station kuposa pamsewu. Matanki a galimoto ziwirizi ndi ofanana kukula, malita 87 pa Prado ndi 88 pa Pajero yaitali, koma ma Prado ena a ku South Africa ndi ku Australia ali ndi thanki yachiwiri yofikitsa malita 150 pa mtundu wa 150. Pa ma Prado amenewa tayala lapadera limakhala pa chitseko chakumbuyo m'malo mokhala pansi, ndipo kwa woyenda ku Chitipa kapena ku Nyika, thanki imeneyi ndi yamtengo wapatali kuposa mipando yachikopa.

Masipeyala ndi amakaniko

Chitani kafukufuku uyu ndi miyendo yanu, tsiku limodzi lokha. Lembani zinthu zimene zimatha pa galimoto yotere, monga sefa ya dizilo, sefa ya oyilo, ma brake pad, ma ball joint, ma shock absorber, bearing ya tayala lakutsogolo, pampu ya madzi ndi galasi lakutsogolo, kenako muyende m'mashopu a masipeyala m'tauni ndi m'magalaja a ku Luwinga kufunsa mtengo wa chilichonse pa galimoto zonse ziwiri, ndiponso ngati chilipo pashelefu kapena n'choitanitsa. Mudzapeza kuti za Prado zambiri zilipo, zenizeni ndi zotchipa zomwe, chifukwa imagawana zinthu zambiri za injini ndi Hilux. Za Pajero zosinthasintha pa sevisi zimapezeka, koma zikuluzikulu nthawi zambiri zimaitanitsidwa ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Dar es Salaam kapena ku South Africa, ndipo galimoto imadikira. Mitsubishi inasiya kugulitsa Pajero imeneyi ku Japan mu 2019 ndipo inasiya kuipanga mu 2021. Izi sizikutanthauza kuti masipeyala atha, popeza inapangidwa zaka 15 osasintha kwenikweni ndipo zilipo zambiri padziko lonse, koma zikutanthauza kuti mwini Pajero ayenera kukhala munthu wokonzekeratu, wosunga sefa, malamba ndi ma bush kunyumba. Matayala sangakusiyanitsireni kanthu, chifukwa zonse ziwiri kawirikawiri zimavala 265/65 R17, ndipo marimu a 17 ndi abwino kufumbi kuposa a 18 kapena 19 amene tayala lake ndi lopyapyala.

Pewani zokometsera zimene zimadula pokonza. Prado ya mtundu wapamwamba wa TZ-G ili ndi matumba a mpweya kumbuyo m'malo mwa masipuling'i achitsulo, ndipo ena ali ndi dongosolo la KDSS lochepetsa kupendama kwa galimoto pogwiritsa ntchito mafuta opanikizidwa. Zikakhala zatsopano zimayendetsa bwino, koma zikayamba kutaya muli ku Kafukule palibe amene angakuthandizeni pamenepo. TX ya masipuling'i wamba ndiyo yoyenera kuno.

Mtengo weniweni

Mtengo wolembedwa pa tsamba la wogulitsa ku Japan, ngakhale utaphatikiza zotumizira pa sitima, umathera pa doko la Dar es Salaam. Pamwamba pake pali zolipira padoko, ajenti, woyendetsa ndi mafuta mpaka pa chipata cha Songwe, msonkho wa ku MRA, kulembetsa ku Road Traffic, COF ndi inshulansi. Msonkho umadalira kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, choncho Pajero ya 3,200cc yakale ikhoza kuoneka yotchipa ku Japan koma n'kudula pa Songwe kuposa momwe munaganizira. Pemphani ajenti wovomerezeka akuwerengereni msonkho wa galimoto zonse ziwiri, pogwiritsa ntchito chaka ndi injini zenizeni, musanatumize ndalama iliyonse, ndipo muganizirenso kuti ndalama zakunja mudzazipeza pa mtengo wanji tsiku lolipira.

Ngakhale mutawerengera zonsezi, Pajero imakhalabe yotsika mtengo kuposa Prado ya chaka chofanana, ndipo kusiyanako si kochepa. Prado imabweza pogulitsa, chifukwa ogula ake ndi ambiri ndipo mtengo wake sugwa msanga, pamene Pajero imatenga nthawi kuti ipeze wogula. Maganizo anga ndi awa. Ngati ndalama zanu zikukwana Prado ya dizilo ya mbiri yodziwika, ndipo ntchito yanu ili kufumbi kapena mukufuna kudzaigulitsa pakatha zaka zochepa, gulani Prado. Ngati ndalama zomwezo zikungokwana Prado ya 2.7 yotopa kapena ya dizilo yopanda malisiti, pamene zikanakugulirani Pajero V98W yosamalidwa bwino n'kutsalako zina, gulani Pajero, muisunge zaka zambiri, ndipo zotsalazo zikhale za masipeyala. Zimandipweteka kuona banja litathira ndalama za penshoni yonse pa dzina, galimotoyo n'kukhala pamiyala chaka chisanathe chifukwa sipanatsale kanthu kokonzera injini.

Kuyesa galimoto imene mwaipeza

Ngati mukuitanitsa kunja, funani pepala la ku okushoni ya ku Japan. Giredi R kapena RA ikutanthauza kuti galimotoyo inachitapo ngozi n'kukonzedwa, ndipo pa Pajero zimenezi n'zoopsa kwambiri, chifukwa bodi ikapindika ndiye kuti chesisi yapindika, ndipo matayala sadzakhalanso pamzere. Pemphani zithunzi za pansi. Galimoto zochokera kumadera achisanu a Japan ndi ku Britain, kumene Pajero imatchedwa Shogun, zimadyedwa ndi mchere wothira m'misewu, ndipo dzimbiri lake limabisika pansi pa utoto wakuda wopopera kumene.

Ngati galimoto ili kale mu Mzuzu, gwirizanani ndi mwini wake kuti muione m'mawa isanalizidwe, ndipo mukafika gwirani injini kuti mutsimikize kuti ndi yozizira. Kuzizira kwa kuno kumakuthandizani, chifukwa dizilo yotopa imavuta kulira m'mawa, imagwedezeka ndipo imatulutsa utsi woyera kapena wabuluu kwa nthawi yaitali. Potembenuza kiyi onetsetsani kuti nyali zonse zochenjeza zayaka kenako n'kuzima, popeza ena amachotsa babu kuti abise vuto. Pitani ndi makaniko wanu, osati wa wogulitsa, ndipo abwere ndi kompyuta yoyezera kuti awerenge momwe ma injector akugwirira ntchito. Yerekezani makilomita olembedwa ndi kutha kwa chiwongolero, mapedulo ndi mpando wa woyendetsa, chifukwa mawotchi amabwezedwa m'mbuyo. Lowani pansi muone malabala ophimba ma CV joint, omwe pa Pajero ali kutsogolo ndi kumbuyo, muone ngati pali oyilo wodontha pa giyabokosi ndi pa ma diff, ndiponso ngati pali malo owotcherera pa chesisi. Tsegulani chitseko chakumbuyo n'kuchinyamula pang'ono, chifukwa kulemera kwa tayala kumatha mahinjesi.

Kuzungulira m'tauni n'kubwerera sikuyesa galimoto yotere. Tsikani nayo msewu wa ku Nkhata Bay makilomita okwanira, mumve ngati mabuleki akunjenjemera kapena kukokera mbali imodzi, kenako mubwerere chokwera AC ili yoyatsa, maso ali pa muvi wa kutentha kwa injini, khutu lili pa kasinthidwe ka magiya. Pambuyo pake patukirani mumsewu wafumbi, imani, ikani pa N ndi kulowetsa giya ya mphamvu. Pa Pajero dutsani malo onse anayi a Super Select ndipo muone kuti nyali za matayala pa dashibodi zasiya kuphethira n'kukhazikika. Zikapitiriza kuphethira, kawirikawiri vuto limakhala la masiwichi kapena timapaipi ta mpweya, makamaka pa galimoto imene yakhala zaka pa 2H, ndipo ngakhale kukonza kwake sikukhala kodula nthawi zonse, ndi chifukwa chokwanira chotsitsira mtengo kapena kuuza mwini wake akonze kaye. Kukhoma diff yapakati kapena yakumbuyo kuyesedwe pafumbi pokha, osati pa phula louma. Khalaninso pa mipando ya mzere wachitatu inu nomwe: pa galimoto zonse ziwiri ndi ya ana, ndipo ikatsegulidwa malo a katundu amatsala ochepa kwambiri, komanso ma Prado TX ena ali ndi mipando 5 yokha.

Pa mapepala musadalire madobadoba. Nambala ya chesisi ndi ya injini zimene zili pa galimoto zifanane chilembo ndi chilembo ndi zimene zili pa blue book, dzina la mwini lifanane ndi chiphaso cha amene akukugulitsani, ndipo mupite naye limodzi ku ofesi ya Road Traffic kukasintha umwini tsiku lomwe mukulipira. Funsani ngati galimotoyo ili pa chikole ku banki. Ngati inali ya bungwe kapena ya munthu amene anailowetsa mopanda msonkho, tsimikizani ku MRA kuti msonkho wotsala unalipidwa, chifukwa ngongole imeneyo imatsatira galimoto ndipo idzapeza inu. Mukaitenga, sabata yoyamba sinthani oyilo wa injini, wa giyabokosi, wa transfer case ndi wa ma diff onse, sefa zonse, mafuta a mabuleki ndi madzi a mu rediyeta, ndipo ngati ndi 1KD kapena V6 ya Pajero yopanda umboni wa tsiku limene lamba wa timing anasinthidwa, musinthe lambayo musanapite ulendo wa ku Karonga.